Agalu amene anadikira ambuye awo mpaka imfa: mafunso ndi mayankho

M'mayiko angapo muli ziboliboli za agalu amene anatha zaka akudikira munthu woti anamwalira kalekale. Nkhani zawo zikakambidwa anthu amagawanika: ena misozi imalengeza, ena amangoti ndi nthano zokokera alendo. Nawa mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi galu wotchuka kwambiri pa nkhanizi ndi uti?

Ndi Hachiko wa ku Japan. Anabadwa mu Novembala 1923 kufupi ndi tawuni ya Odate, kumpoto kwa dzikolo, ndipo anali wa mtundu wa Akita, agalu akuluakulu aubweya wambiri. Kumayambiriro kwa 1924, akadali kamwana, anamukweza sitima kupita naye ku Tokyo kwa a Hidesaburo Ueno, pulofesa wa zaulimi pa Tokyo Imperial University. Galuyo anazolowera kuwaperekeza akamapita kuntchito ndi kukawachingamira madzulo pa siteshoni ya Shibuya.

Pa 21 Meyi 1925 a Ueno anagwa ali kuntchito, mtsempha wa magazi utaphulika muubongo, ndipo anamwalira ali ndi zaka 53. Hachiko anali atakhala nawo chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka basi. Koma anapitiriza kufika pa siteshoni ija, kukhala pansi n'kumayang'ana anthu otuluka, mpaka anamupeza atafa mumsewu wa ku Shibuya pa 8 Malichi 1935. Kudikirako kunatenga pafupifupi zaka 10.

Ndiye kuti zaka zonsezo ankagona pa siteshoni? Nanga ankadya chiyani?

Ayi, ndipo mbali imeneyi ndi imene ofotokoza nkhaniyi amakonda kuidumpha. A Ueno ankakhala ndi mayi Yaeko Sakano, koma ukwati wawo unali wosalembetsa ku boma. Bamboyo atamwalira, mayiyo analibe mphamvu pa nyumba imene ankakhala, motero anasamuka, ndipo galu wamkulu ngati ameneyo analibe pomuika. Hachiko anayamba kuyenda m'manja mwa achibale ndi odziwana nawo m'madera ena a Tokyo, osakhazikika. Pomaliza anakakhala kwa a Kikuzaburo Kobayashi, amene kale ankasamalira maluwa ndi mitengo pakhomo pa a Ueno, ndipo kwawo kunali kufupi ndi Shibuya. Kumeneko ndi kumene ankadya, n'kumanyamuka kupita ku siteshoni nthawi ikakwana.

Choncho Hachiko sanali galu wopanda kwawo. Anali galu wamasiye amene banja lake linabalalika chifukwa cha malamulo a chuma cha womwalira. Ndiponso m'zaka zoyambirira anthu a pa siteshoni sankamuona ngati ngwazi. Ogwira ntchito ndi ogulitsa malonda ankamuthamangitsa, ana ankamuputa. Kwa iwo anali chigalu chongotsekereza njira.

Nanga kutchuka kunabwera bwanji?

Kunabwera ndi nyuzipepala. A Hirokichi Saito, amene anayambitsa bungwe loteteza mitundu ya agalu a ku Japan, anamuona galuyo, anamutsatira mpaka kwa a Kobayashi n'kumva mbiri yake. Mu Okutobala 1932 nyuzipepala ya Asahi Shimbun inasindikiza nkhaniyo, ndipo zinthu zinatembenuka nthawi yomweyo. Anthu omwe aja amene ankamupirikitsa anayamba kumubweretsera zakudya, ena kuchokera kutali kudzangomusisita. Mu Epulo 1934 anaimika chiboliboli chake cha mkuwa, chosemedwa ndi a Teru Ando, ndipo Hachiko mwiniwake analipo pa mwambowo, atakalamba, khutu limodzi litagwa.

Tisaiwale kuti imeneyi inali Japan ya m'ma 1930, imene inkakonzekera nkhondo. Nkhani ya Hachiko inalowa m'mabuku a ana a sukulu monga phunziro la kukhulupirika, ndipo katswiri wa mbiri yakale Aaron Skabelund anasonyeza mmene atsogoleri a nthawiyo anaigwiritsira ntchito pophunzitsa anthu kumvera mfumu yawo mosafunsa. Chodabwitsa n'choti nkhondo yomweyo inadya chiboliboli chija: mu 1944 anachichotsa kuti akachisungunule pofuna zitsulo. Chimene chili pa Shibuya lero chinaimikidwa mu 1948, ndipo anachisema ndi a Takeshi Ando, mwana wa wosema woyamba uja. Pano ndi malo amene anthu a ku Tokyo amapanganirana akafuna kukumana.

Ena amati ankangotsatira nyama yowotcha imene inkagulitsidwa pa siteshoni. Si zoona zimenezo?

Okayikira amati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ali ndi poyambira. Pafupi ndi siteshoniyo pankagulitsidwa nyama ya nkhuku yowotcha yobayidwa pa timitengo, ndipo Hachiko atafa, madokotala anapeza timitengo toteroto m'mimba mwake. Kudya ankadyadi.

Koma mfundoyi imagwa ikayang'anizana ndi kalendala. Kuyambira 1925 kufika 1932, galuyo ankapita pamalo pamene ankakumana ndi zothamangitsidwa zambiri kuposa zopatsidwa, pomwe kunyumba kwa a Kobayashi chakudya chinalipo. Galu wofuna kukhuta sachita zimenezo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Kuti nyama inamulimbikitsa kupitabe m'zaka zake zomaliza, n'zotheka ndithu, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma chimene chinamuyambitsa ulendowo si nyama.

Timitengo tija sitinamuphe. Mu 2011 akatswiri a University of Tokyo anapimanso ziwalo zake zimene zinasungidwa, ndipo anapeza kuti anali ndi khansa yofalikira komanso nyongolotsi za mumtima, zimene agalu amazitenga akalumidwa ndi udzudzu.

Thupi lake lili kuti?

Chikopa chake anachikonza n'kuchiimika ngati wamoyo, ndipo chimaonetsedwa ku National Museum of Nature and Science mu Tokyo. Chikumbutso chake china chili pambali pa manda a a Ueno ku Aoyama. Mu 2015 yunivesite ija inaimika chiboliboli china chosonyeza Hachiko akulumphira a Ueno, ndipo mu 2016 gawo la phulusa la mayi Sakano linasamutsidwira kumanda komweko.

Nanga galu wa ku Scotland amene amati anagona pa manda zaka 14?

Ameneyo ndi Greyfriars Bobby, kagalu kakang'ono ka mumzinda wa Edinburgh. Nkhani yofala imati mbuye wake anali John Gray, mlonda wa usiku wa polisi ya mzindawo, amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu Febuluwale 1858 n'kuikidwa m'manda a pa tchalitchi cha Greyfriars. Akuti Bobby sanachoke pa mandawo mpaka imfa yake pa 14 Januwale 1872.

Zina mwa nkhaniyi zili ndi umboni wogwirika. Mu 1867 lamulo linkafuna kuti galu aliyense akhale ndi chiphaso, apo ayi aphedwe. Mkulu wa mzindawo, William Chambers, analipira chiphaso cha Bobby n'kumugulira lamba wa m'khosi, ndipo lambayo alipo mpaka pano ku Museum of Edinburgh. Mu 1873 mayi wina wolemera, Angela Burdett-Coutts, analipira kuti pamangidwe kasupe wa madzi akumwa wokhala ndi chiboliboli cha galuyo pamwamba. Alendo amakonda kuchisisita mphuno poti akuti kumabweretsa mwayi, moti mphunoyo inasuluka ndipo khonsolo inachita kuwapempha kuti azichigwira mofatsa.

Kumene kuli mkangano ndi pa nkhani ya mbuye wake ndi zaka 14 zija. Mu 2011 a Jan Bondeson a ku Cardiff University, atafufuza zolembedwa za nthawiyo, ananena kuti Bobby anali galu wosochera amene ankangokhala kumanda chifukwa woyang'anira mandawo, James Brown, ankamudyetsa, ndipo mwini malo odyera apafupi, John Traill, ankapindula ndi alendo obwera kudzaona galuyo. Iwo anatinso galu woyamba anafa cha mu 1867 ndipo anthu anabweretsa wina wachichepere kuti nkhani isafe. Anapezanso nkhani zoposa 60 za agalu a kumanda otere m'mayiko a ku Ulaya a nthawi imeneyo.

Si onse amene amagwirizana ndi a Bondeson, makamaka anthu a ku Edinburgh. Ine ndimaona kuti mwa nkhani zonse zotchukazi, ya Bobby ndi imene ili ndi miyendo yofooka kwambiri. Ya Hachiko ili ndi zithunzi, nyuzipepala za nthawi yomweyo ndi anthu odziwika mayina amene anamusunga. Ya Bobby inayamba kulembedwa patapita zaka zingapo John Gray ali m'manda.

Alipo ena kupatula awiriwa?

Alipo ambiri. Ku Italy kunali Fido, galu wamba amene Carlo Soriani, wogwira ntchito yowotcha njerwa, anamutola ali wovulala m'ngalande mu 1941. Soriani ankakwera basi kuchokera kumudzi wa Luco di Mugello kupita kuntchito ku Borgo San Lorenzo, ndipo anafa pa 30 Disembala 1943 ndege za nkhondo zitaponya mabomba pa tawuniyo. Fido anapitiriza kuchingamira basi ya madzulo kwa zaka 14. Meya anamupatsa mendulo ya golide mu 1957, ndipo galuyo anafa mu Juni 1958.

Ku Fort Benton, m'chigawo cha Montana ku America, kunali Shep. Mu 1936 anaona bokosi la maliro la mbuye wake, m'busa wa nkhosa, likukwezedwa m'sitima. Kuchokera tsiku limenelo ankachingamira sitima iliyonse yonyamula anthu, zinayi pa tsiku, kwa zaka zisanu ndi theka, ogwira ntchito pa siteshoni akumudyetsa. Atakalamba makutu anagontha, ndipo pa 12 Januwale 1942 anaterereka pa njanji youndana, sitima n'kumugunda. Ku Cádiz, ku Spain, Canelo anakhala zaka 12 pakhomo pa chipatala chimene mbuye wake, wodwala impso, analowa osatulukanso. Anafa mu 2002 atagundidwa ndi galimoto, ndipo msewu wina mumzindawo uli ndi dzina lake. Ku Villa Carlos Paz, ku Argentina, Capitán anakhala kumanda kuyambira mbuye wake atamwalira mu 2006 mpaka iye atafa mu 2018.

Koma amene amatseka pakamwa okayikira ndi Ruswarp wa ku England. Mbuye wake, Graham Nuttall, anali m'gulu la anthu omenyera kuti njanji ya pakati pa Settle ndi Carlisle isatsekedwe, ndipo pa chikalata cha madandaulo galuyo anadindapo phazi lake, poti nayenso ankalipiridwa tikiti akakwera sitimayo. Mu Januwale 1990 awiriwa anapita kukayenda m'mapiri a ku Wales ndipo sanabwerere. Thupi la Nuttall linapezeka pa 7 Epulo m'mbali mwa kamtsinje, Ruswarp ali pomwepo. Anali atakhala masabata 11 m'nyengo yozizira koopsa, ali ndi zaka 14, wofooka moti anachita kumunyamula potsika phiri. Kuphiriko kunalibe wogulitsa nyama, kunalibe mtolankhani, kunalibe womusisita. Anakhala ndi moyo mpaka kufika pa maliro a mbuye wake, ndipo posakhalitsa anafa. Chiboliboli chake chili pa siteshoni ya Garsdale, pa njanji yomwe ija.

N'chifukwa chiyani nkhanizi zimachitikira pa siteshoni, pa manda kapena pa chipatala?

Chifukwa ndi pamene pali maso. Galu wodikira pakhomo la nyumba ya kumudzi amaonedwa ndi banja lokha, pomwe wa pa siteshoni amaonedwa ndi anthu zikwizikwi tsiku lililonse, ndipo tsiku lina mmodzi wa iwo amakhala wolemba nkhani. Malo oterewa amakhalanso ndi antchito okhazikika otha kuponyera galu chakudya. Popanda womudyetsa, palibe galu amene akanakwanitsa zaka 10.

Kodi galu amadziwa kuti mbuye wake wamwalira?

Khalidwe la agaluwa likusonyeza kuti amene sanaone thupi sankadziwa. Hachiko, Fido ndi Canelo sanapite kumanda. Anapita pamalo pamene munthuyo ankatulukira, kapena pamene analowera komaliza. Uku si kulira maliro monga tichitira ife. Ndi kuyembekezera. Munthu akaferedwa amauzidwa, amaona bokosi, amaponya dothi, ndipo ngakhale mtima ukane, mutu umadziwa. Galu palibe womuuza.

Chimene asayansi atsimikiza ndi kukula kwa chikondi chimene chimamukokera pamalopo. Mu 1998 a József Topál ndi anzawo ku Budapest anayesa agalu ndi njira imene amayesera makanda ndi amayi awo, ndipo anapeza zofanana: galu amasewera momasuka mbuye wake akakhalapo, akatuluka amakaima pakhomo, ndipo mlendo sangalowe m'malo mwake. Ku Emory University ku America, a Gregory Berns anaphunzitsa agalu kugona phee m'makina ojambula ubongo, n'kuwanunkhitsa fungo losiyanasiyana. Fungo la munthu wa pakhomo pawo ndi limene linadzutsa kwambiri mbali ya ubongo yokhudzana ndi kuyembekezera zabwino, kuposa fungo la galu mnzawo. Mu 2015 akatswiri a Azabu University ku Japan anapeza kuti galu ndi mbuye wake akayang'anizana m'maso kwa kanthawi, homoni yotchedwa oxytocin, yomwe imamangiriza mayi ndi khanda, imakwera mwa onse awiri.

Ndipo ubalewu si wa dzulo. Ku Bonn-Oberkassel ku Germany anafukula manda a zaka pafupifupi 14,000 momwe mwamuna ndi mkazi anaikidwa pamodzi ndi kagalu. Mano a kagaluko akusonyeza kuti kanadwala kwambiri kali kakang'ono, matenda oti sikakanapirira popanda munthu wokasamalira.

Ankadziwa bwanji nthawi ya sitima kapena basi?

Galu sawerenga wotchi, koma tsiku lili ndi zizindikiro zake: kupendekeka kwa dzuwa, njala, phokoso la anthu oweruka, kulira kwa sitima. Zili ngati mwana wa kumudzi amene amadziwa kuti bambo ali pafupi kufika akaona ng'ombe zikulowa m'khola.

Pa kutalika kwa nthawi, kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2011, wa Therese Rehn ndi Linda Keeling, anapeza kuti agalu amalonjera mbuye wawo mwamphamvu kwambiri akasiyidwa maola awiri kuposa akasiyidwa theka la ola, koma pakati pa maola awiri ndi anayi panalibe kusiyana kwenikweni. Ndiye musaganize kuti Hachiko ankawerenga zaka. Kwa iye madzulo alionse anali madzulo oti munthu uja akhoza kutulukira pa chipata.

Ndiye tinganene kuti galu amamva chisoni?

Zimene zimaoneka ndi maso zikufanana nacho. Kafukufuku wa ku Italy wofalitsidwa mu 2022 anafunsa anthu 426 amene anali ndi agalu awiri kapena kuposa, mmodzi n'kufa. Anthu 86 mwa 100 alionse anati galu wotsalayo anasintha: kufuna kukhala pafupi ndi munthu nthawi zonse, kusiya kusewera, kugona kwambiri, kuchepetsa kudya, mantha. Kafukufukuyu anali wa galu woferedwa galu mnzake, ndipo anadalira zonena za eni ake, omwe nawonso anali achisoni. Komabe aliyense amene anasungapo galu woferedwa mbuye wake angazindikire zizindikiro zomwezi.

Kodi ndi mitundu ina yokha ya agalu imene imachita zimenezi?

Ayi. Hachiko anali Akita, Ruswarp anali wa mtundu wowetera nkhosa, koma Fido ndi Canelo anali agalu wamba osadziwika mtundu. Amene amagula Akita pofuna kupeza Hachiko wawo amakhumudwa, chifukwa ndi galu wamphamvu, wamakani, wosakonda alendo, ndipo ubweya wake ndi wa kumalo ozizira.

Kodi kunali kukoma mtima kuwasiya agaluwa akudikira chonchi?

Apa ndi pamene nkhanizi zimandivuta. Timazikonda chifukwa galu sanasiye, koma taonani mmene ena anathera: Shep pansi pa sitima, Canelo pansi pa galimoto. Zoona, anthu anayesa kuwatenga ndipo agaluwo ankathawa n'kubwerera. Koma galu akatchuka, pamakhalanso anthu amene safuna kuti achoke, chifukwa galu wogona pa khonde la munthu wina sakoka alendo.

Nkhani ya Dżok wa ku Kraków, ku Poland, imasonyeza njira ina. Mbuye wake anadwala mtima mwadzidzidzi pafupi ndi mphambano ya Grunwaldzkie mu 1990 ndipo anamwalira. Galuyo anadikira pamphambanopo pafupifupi chaka, anthu akumudyetsa. Kenako analola kupita ndi mayi wina wachikulire amene ankamubweretsera chakudya, ndipo anakhala naye zaka zingapo mpaka mayiyo atamwalira mu 1998. Nayenso ali ndi chiboliboli, choimikidwa mu 2001. Palibe amene amati Dżok anali wosakhulupirika chifukwa cholola kupita kwa munthu wina.

Wachibale wanga wamwalira n'kusiya galu. Ndichite chiyani?

Choyamba, mukumbukireni. Pa maliro pamakhala khamu, kulira, moto wa usiku ndi alendo odzaza bwalo, ndipo galu amathamangitsidwa pakhomo pake pomwe kapena amamangidwa kuseri n'kuiwalika. Pakhale munthu mmodzi, ngakhale mwana wamkulupo, woonetsetsa kuti wadya ndi kumwa. Achibale akakhala pansi kukambirana za katundu wa malemu, nkhani ya galu ikambidwenso, ndipo apite kwa munthu amene galuyo akumudziwa kale.

Akasamuka, musamumasule msanga, chifukwa masabata oyamba amayesa kubwerera kwawo kwakale ndipo ambiri amathera pamsewu. Muzimupatsa chakudya pa nthawi imene anazolowera, muziyenda naye, muzimuitana ndi dzina lake lomwelo. Chovala chakale cha malemu kapena thumba limene ankagonapo chimamukhazika mtima pansi m'masiku oyamba. Akamalira usiku kapena kukanda chitseko, kumukalipira kapena kumumenya kumangowonjezera mantha. Akakana chakudya masiku awiri, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, chifukwa si kufooka konse kumene kuli chisoni. Kumbukirani kuti Hachiko, pamene anthu ankati wafooka ndi kudikira, anali ndi khansa ndi nyongolotsi. Ngati m'banja mulibe woti amutenge, mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe amathandiza kupezera agalu makomo atsopano.

Ndikaona galu wosadziwika akukhalitsa pa manda kapena pa depoti, ndimutenge?

Musathamangire kumugwira. Funsani kaye anthu a pamalopo, chifukwa nthawi zambiri amadziwa kumene anachokera ndi amene amamudyetsa. Muikireni madzi ndi chakudya chapatali, masiku angapo, mpaka ayambe kukuyandikirani yekha. Kwathu kuno chiwewe chilipo, ndipo galu wodwala chiwewe si nthawi zonse pamene amakhala wolusa. Wina amangokhala duu, wofooka, dovu likutuluka, moti munthu wachifundo angaganize kuti ndi chisoni. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira zizindikiro. Mukamutenga, ulendo woyamba ukhale wokabayitsa katemera.